QuickFacts ndi data.census.gov: tawayesa pa Vermont, chigawo cha kumudzi

Amene akufuna kudziwa za chigawo china cha dziko la America, kaya ndi mtolankhani, wophunzira wa ku yunivesite kapena munthu woti wapeza ntchito kumeneko, kawirikawiri amafikira pa masamba awiri a pa intaneti a bungwe la kalembera la dzikolo, U.S. Census Bureau. Loyamba ndi QuickFacts. Lachiwiri ndi data.census.gov, lomwe linalowa m'malo mwa American FactFinder itatsekedwa mu Malichi 2020. Onse awiri ndi aulere, safunsa akaunti, ndipo manambala ake ndi omwewo amene boma limatsatira pogawa mipando ya aphungu ndi ndalama zopita m'zigawo. Pa kudalirika sitikukayika. Chimene tikufuna kuona n'chakuti munthu akafuna kumvetsa dera la kumudzi, la anthu ochepa okhala motalikirana, masambawa amamufikitsa pati.

N'chifukwa chake tasankha Vermont. Chigawochi chili kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, m'malire ndi Quebec ya ku Canada, ndipo pa kalembera wa 2020 chinali ndi anthu 643,077. Ndi Wyoming yokha imene ili ndi anthu ochepa kuposa pamenepa. Likulu lake, Montpelier, linali ndi anthu 8,074, ndipo palibe likulu lina la chigawo laling'ono chonchi m'dziko lonselo. Mzinda waukulu kuposa yonse, Burlington, unali ndi anthu 44,743. Pa Chicago kapena Los Angeles chida chilichonse cha manambala chimaoneka chabwino. Pa malo ngati Vermont m'pamene zimadziwika ngati n'cholimba.

QuickFacts

Ubwino wa QuickFacts ndi liwiro. Pamwamba pali kabokosi kolembamo dzina la malo. Mukalemba Vermont n'kusankha pa mayina amene atsika, tebulo limabwera lathunthu: chiwerengero cha anthu, misinkhu, mitundu, nyumba, intaneti, maphunziro, umoyo, ndalama za pabanja, umphawi, mabizinesi ndi kukula kwa dera. Mutha kuika malo asanu ndi limodzi pambalipambali, ndipo m'pofunika kusiya danga limodzi la United States kuti muziyerekeza ndi dziko lonse. Musanathe n'komwe mphindi ziwiri mwaona kale kuti Vermont inakula pang'ono chabe kuchoka pa anthu 625,741 a mu 2010, kuti munthu mmodzi mwa asanu aliwonse wadutsa zaka 65, kuti anthu pafupifupi 9 mwa 10 ndi azungu, ndiponso kuti pa sikweya mailosi imodzi pamakhala anthu pafupifupi 70. Tsambali limatsegukanso bwino pa foni, ndipo tebulo lonse limatsitsika ngati fayilo ya CSV.

Vuto loyamba limabwera mukangofuna kutsika pansi. QuickFacts imaonetsa zigawo zonse, ma county onse (madera akuluakulu amene chigawo chimagawidwa), koma mizinda ndi matauni okhawo a anthu 5,000 kapena kuposa. Vermont ili ndi matauni ndi mizinda yoposa 240, ndipo ochuluka safika 5,000. Ndiye kuti malo enieni amene amachititsa Vermont kukhala ya kumudzi sapezeka. Mumalemba dzina, kabokosi kamangokhala chete, ndipo palibe uthenga wokuuzani kuti malowo alipo koma achepa.

Vuto lachiwiri ndi lobisika kwambiri. Mizere ya tebulo limodzi imachokera ku magwero osiyana ndi zaka zosiyana. Mzere wina ndi wa kalembera wa pa 1 Epulo 2020, wina ndi chiyerekezo cha pa 1 Julaye chaka chathachi, wina ndi wa kafukufuku wophatikiza zaka zisanu, pomwe ya mabizinesi imatsalira zaka zingapo m'mbuyo. Zaka zake zimalembedwa pa mzere uliwonse, koma maso amathamangira nambala. Kachizindikiro ka "i" kumayambiriro kwa mzere kamafotokoza gwero, ndipo aliyense wofuna kugwiritsa ntchito nambalayo pa zinthu zofunika azikadina kaye. Pa mzere wa umphawi pali chenjezo loti musayerekeze county ndi tauni chifukwa zinawerengedwa mosiyana. Anthu ambiri amadumpha chenjezoli.

Mudzakumananso ndi zilembo m'malo mwa manambala, makamaka pa ma county aang'ono. D amatanthauza kuti nambala yabisidwa kuti isaulule chinsinsi cha bizinesi, S ndi yoti sinafike pa mlingo woyenera kufalitsidwa, N ndi yoti ofunsidwa anachepa, ndipo Z ndi nambala yoposa ziro koma yochepetsetsa. Chilembo D kumudzi n'chofala chifukwa county ikakhala ndi fakitale imodzi kapena ziwiri, kulemba ndalama zonse za mafakitale n'chimodzimodzi kulemba za mwini fakitaleyo. Amene amasintha zilembozi n'kuika ziro mu Excel amawononga masamu ake onse.

Chodandaulitsa chachikulu n'chakuti QuickFacts sionetsa kuti nambala ingaphonye ndi zingati. Pa chigawo chonse zimenezi si nkhani. Pa county ya Essex, yomwe inali ndi anthu 5,920 okha mu 2020, ndi nkhani yaikulu.

Kupeza malo oyenera pa data.census.gov

Tsamba lachiwirili ndilo la ntchito yeniyeni, koma limafuna kuleza mtima. Ndi lolemera, pa foni limavuta, ndipo intaneti ikakhala yofooka matebulo aakulu amachedwa kutseguka. Njira yosataya nthawi ndi kulowa pa Advanced Search, kuyamba ndi Geography, kenako kulemba nambala ya tebulo limene mukufuna m'malo molemba mawu. Matebulo ochepa amakwanira ntchito zambiri: DP05 ndi la misinkhu ndi mitundu ya anthu, DP03 la ntchito ndi ndalama, DP04 la nyumba, DP02 la mabanja, maphunziro ndi zinenero. Wofuna kuzama pa maphunziro atsegule S1501, pa umphawi S1701.

Pa Geography m'pamene anthu ambiri amasochera. Ku Vermont, monganso m'zigawo zina za New England (zigawo za kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo), mawu akuti town satanthauza malo a masitolo ndi misewu ya tala. Ndi dera lonse la malire ake, minda, nkhalango ndi mapiri momwemo, lokhala ndi ulamuliro wakewake. Bungwe la kalembera limaika matauni amenewa pansi pa County Subdivision, osati pansi pa Place. Mukasankha Place mumapeza mizinda, tinamidzi tolembetsedwa ndi malo otchedwa CDP, omwe ndi pakatikati pa tauni pomwe nyumba zathithikana. Brattleboro ilipo kawiri, ya tauni yonse ndi ya pakatikati, ndipo manambala ake ndi osiyana kwambiri. Choncho dinani County Subdivision, kenako Vermont, kenako county, kenako tauni.

Mayina nawo ali ndi misampha. Pali Rutland city ndi Rutland town, Barre city ndi Barre town, St. Albans city ndi St. Albans town, Newport city ndi Newport town. Awa ndi maulamuliro awiriawiri oyandikana, aliyense ndi misonkho yake, ndipo kawirikawiri ndalama za mabanja a mumzinda ndi a m'tauni yozungulira sizifanana. Tauni ya Essex sili mu county ya Essex ayi, ili mu Chittenden, pafupi ndi Burlington, kutali ndi nkhalango za kumpoto chakum'mawa zomwe eni ake amazitcha Northeast Kingdom. Kuonjezera apo, Essex Junction inapatuka ku tauni ya Essex mu Julaye 2022 n'kukhala mzinda paokha. Woyerekeza Essex ya 2020 ndi ya lero angaganize kuti theka la anthu linasamuka, pomwe ndi malire okha amene anasintha.

Mukatsitsa tebulo ngati ZIP, mitu ya madanga imabwera ndi zizindikiro monga DP03_0062E. Chilembo E kumapeto ndi chiyerekezo, M ndi malire a kuphonya kwake, PE ndi peresenti. Tanthauzo la chizindikiro chilichonse lili mu fayilo ina ya m'kati mwa ZIP momwemo, musaitaye. Kanthu kena kakang'ono koma kovutitsa: manambala a positi a ku Vermont amayamba ndi 05, monga 05401 ya Burlington. Excel imadula ziro woyambayo n'kusiya 5401, ndipo mukafuna kulumikiza matebulo awiri sizigwirizana. Lowetsani danga limenelo ngati Text musanatsegule fayilo.

Manambala ochokera pa anthu ochepa

Apa m'pamene pagona nkhani. Kalembera wa zaka khumi zilizonse amafunsa mafunso ochepa: dzina, zaka, mwamuna kapena mkazi, mtundu, ubale wa pakhomo ndi ngati nyumba ndi yanu kapena ya lendi. Zonse za ndalama, ntchito, maphunziro ndi umphawi zimachokera ku kafukufuku wina, American Community Survey, amene amasankha makomo pafupifupi 3.5 miliyoni pa chaka m'dziko lonse. Zotsatira za chaka chimodzi zimatulutsidwa pa malo a anthu 65,000 kapena kuposa. Mwa ma county 14 a ku Vermont, ndi Chittenden yokha, ya anthu 168,323, imene imadutsa malire amenewa. Rutland, yachiwiri, inali ndi 60,572. Ngakhale mzinda wa Burlington sufika. Ma county 13 otsalawo ndi matauni onse amadalira zotsatira zophatikiza zaka zisanu.

Zotsatira za zaka zisanu si chithunzi cha chaka chomaliza. Ndi mayankho osonkhanitsidwa m'miyezi 60. Madzi osefukira amene anamiza masitolo a pakati pa Montpelier mu Julaye 2023 sangaonekere msanga m'manambala otere, amasungunuka m'zaka zinayi zina. Pa chifukwa chomwecho, musayerekeze 2017–2021 ndi 2018–2022, popeza zaka zinayi mwa zisanu ndi zomwezo. Yerekezani 2013–2017 ndi 2018–2022, ndipo ngati ndi ndalama, kumbukirani kuti gulu lililonse limalembedwa m'madola a chaka chake chomaliza. Chaka cha 2020 chilibe zotsatira za nthawi zonse za chaka chimodzi chifukwa mliri wa Covid-19 unasokoneza kusonkhanitsa mayankho, choncho mukaona mpata pamenepo si kuti tsamba lawonongeka.

Chimene data.census.gov imaposera QuickFacts ndi danga la Margin of Error, loonetsa kuti nambala ingaphonye ndi zingati. Lili ndi batani lake pamwamba pa tebulo, ndipo ambiri amalizimitsa kuti tebulo lioneke laudongo. Kumudzi musalizimitse. Tiyerekeze kuti tauni ina yalembedwa kuti banja la pakatikati limapeza madola 62,000 pa chaka, kuphonya kwake 14,000, ndipo tauni yoyandikana nayo yalembedwa 70,000, kuphonya kwake 12,000. Poyang'ana mwachangu yachiwiriyo ndi yolemera. Koma chulukitsani 14,000 ndi iyo yomwe, 12,000 chimodzimodzi, phatikizani, n'kupeza square root yake. Mupeza pafupifupi 18,400. Kusiyana kwa matauniwo ndi 8,000 chabe, kochepa kuposa 18,400, ndiye simunganene kuti ina ikuposa inzake. Malire amenewa bungwe limawawerengera pa chitsimikizo cha 90 peresenti. Pa nkhani zogawa anthu m'timagulu, monga ana osauka osakwana zaka zisanu m'tauni ya anthu 700, si zachilendo kupeza kuphonya kukuposa nambala yeniyeniyo. Nambala yotero ndi bwino kuisiya, kapena kuphatikiza matauni angapo oyandikana kuti ofunsidwa achuluke.

Tiyamikire bungweli pa chinthu chimodzi: m'malo aang'ono limafunsa gawo lalikulu la makomo kuposa m'mizinda, ndipo silibisa kufooka kwa manambala ake. Chimene tsambali silichita ndi kuchenjeza wowerenga. Nambala yolimba ndi yogwedera zimalembedwa mofanana, popanda mtundu kapena chizindikiro chosiyanitsa. Ndiponso pa kalembera wa 2020 bungweli linasintha dala pang'ono manambala a malo ang'onoang'ono pofuna kuteteza zinsinsi za anthu. Chiwerengero cha chigawo chonse sichinakhudzidwe, koma pa tauni ngati Victory, ya anthu osakwana 100, kusintha kwa anthu ochepa kumasuntha maperesenti.

Nanga mawu akuti kumudzi? QuickFacts ilibe mzere wake. Muyenera kupita pa data.census.gov n'kutsegula tebulo P2 la gulu la 2020 lotchedwa Demographic and Housing Characteristics. Samalani, pali P2 winanso wa gulu la Redistricting amene amanena za mitundu ya anthu. Tebulo loyenera limaonetsa kuti 64.9 peresenti ya anthu a ku Vermont amakhala kumudzi, kuposa chigawo china chilichonse, Maine ikutsatira ndi 61.4. Mu 2010 Vermont inali pa 61.1. Musathamangire kulemba kuti anthu akuthawa m'mizinda. Bungwe linasintha tanthauzo: kale malo a anthu 2,500 ankawerengedwa ngati a m'tauni, koma kuyambira 2020 pamafunika anthu 5,000 kapena nyumba 2,000. Timatauni tina tinasanduka kumudzi popanda munthu kusuntha.

Chuma

Tebulo DP03 limaonetsa zoona zimene ambiri sayembekezera: anthu ochuluka ku Vermont amagwira ntchito za maphunziro, zachipatala, zamasitolo ndi zamafakitale, ndipo ulimi ndi kagawo kakang'ono ka ntchito zonse. Chipatala cha University of Vermont Medical Center ku Burlington ndi fakitale ya GlobalFoundries ku Essex Junction, yomwe inali ya IBM mpaka 2015, ali m'gulu la olemba ntchito akuluakulu. Pamenepa tsambali limathandiza kuchotsa chithunzi chakuti kumudzi aliyense amakama ng'ombe.

Koma pa ulimi weniweniwo masamba onse awiri ndi osauka. Mizere ina ya mabizinesi pa QuickFacts, monga ya chiwerengero cha antchito, imachokera ku kafukufuku wa County Business Patterns, yomwe siwerengera ulimi wa mbewu ndi ziweto, anthu odzilemba okha ntchito, ndi antchito ambiri a boma. Kumudzi amenewa ndiwo msana wa chuma. Kalembera wa ulimi amachitidwa ndi unduna wa zaulimi, USDA, zaka zisanu zilizonse, m'zaka zothera ndi 2 ndi 7, ndipo ali pa tsamba lina. Kumeneko ndi ku nthambi ya zaulimi ya Vermont n'kumene mungaone kuti mafamu a ng'ombe za mkaka anali oposa 1,000 cha m'ma 2010 ndipo pofika 2024 anali osakwana 500, pomwe mkaka sunatsike mofanana chifukwa mafamu otsalawo akula. N'kumenenso mungapeze kuti Vermont imapanga pafupifupi theka la manyuchi a mtengo wa maple a dziko lonse la America, ntchito ya milungu yochepa kumapeto kwa nyengo yozizira, yomwe imafuna magaloni pafupifupi 40 a madzi a mtengo kuti patuluke galoni imodzi. Munthu amene amaphika manyuchi mu Malichi, n'kumakhoma nyumba mu Julaye, n'kumakankha chipale chofewa m'misewu mu Januwale, pa kafukufuku amalembedwa ntchito imodzi yokha, ya sabata imene anafunsidwa. Antchito a m'makola ochokera ku Mexico ndi ku Central America, amene ambiri amagona pa famu pomwepo, ndi ovuta kuwafikira ndi fomu ya pa positi.

Nyumba nazo zimanyenga. DP04 imaonetsa kuti nyumba zambiri ku Vermont zilibe anthu, ndipo wosadziwa angaganize kuti nyumba n'zosasowa. Tsegulani tebulo B25004, lomwe limagawa nyumba zopanda anthuzo. Zochuluka ndi za anthu okhala kwina amene amabwera pa tchuthi, makamaka m'matauni a masewera otsetsereka pa chipale chofewa monga Stowe, Ludlow, Killington ndi Dover. Nyumba za lendi zopanda munthu ndi zochepa kwambiri, ndipo kusowa kwa nyumba ndi limodzi mwa madandaulo aakulu a olemba ntchito m'chigawochi.

Ndale

Apa masambawa alibe chokupatsani, ndipo si kulakwa kwawo. Bungwe la kalembera silisunga zotsatira za zisankho ndipo silifunsa chipani. Zotsatira za tauni iliyonse zili pa tsamba la ofesi ya Secretary of State wa Vermont. Kaundula wa ovota ogawidwa m'zipani kulibe, chifukwa ku Vermont munthu salembetsa chipani polembetsa kuvota.

Chenjezo lathu ndi lakuti musayese kulosera ndale za Vermont kuchokera pa tebulo. Azungu ochuluka, okalamba ochuluka, a kumudzi ochuluka: m'zigawo zina zimenezi zimatanthauza chipani cha Republican. Vermont inalidi choncho, inavotera Republican pa chisankho cha pulezidenti chilichonse kuyambira 1856 mpaka 1960, koma kuyambira 1992 yakhala ikuvotera Democrat. Mu 2016 ndi 2020 county ya Essex yokha ndiyo inavotera Donald Trump. Anthu omwewo amatumiza Bernie Sanders, woima payekha, ku nyumba ya malamulo ya Senate ya dziko lonse kuyambira 2007, ndipo akhala akusankha Phil Scott wa Republican kukhala bwanamkubwa kuyambira 2016, zaka ziwiri zilizonse, pakuti Vermont ndi New Hampshire zokha ndizo zimasankha bwanamkubwa pa zaka ziwiri. Ku nyumba ya House of Representatives chigawochi chili ndi mpando umodzi, ndipo Becca Balint, yemwe anapambana mu 2022, anali mayi woyamba kuimira Vermont ku Congress, nyumba za malamulo za dziko lonse.

Chinanso, masamba a kalembera amakonda county, koma ku Vermont county ilibe mphamvu zambiri kupatula makhoti ndi ofesi ya sheriff, mkulu wa apolisi a county. Mphamvu zili ku tauni. Lachiwiri loyamba la Malichi ndi Town Meeting Day, pomwe anthu amavotera bajeti ya misewu, ya ozimitsa moto ndi ya sukulu, ena pokweza manja m'holo, ena poponya voti. Pomwe kalembera amakhudza ndale mwachindunji ndi pa kudula malire a madera a aphungu 150 a House ndi 30 a Senate ya chigawochi. Mpaka 1965 tauni iliyonse inali ndi phungu mmodzi, kaya ya anthu ochepetsetsa kaya Burlington, mpaka makhoti analamula kuti mipando izitsata chiwerengero cha anthu. Amene akufufuza mbali imeneyi apeza matebulo a Redistricting othandiza kwambiri, ndipo pa Geography pali madera a aphungu a nyumba zonse ziwiri.

Maphunziro

Pa maphunziro QuickFacts ili ndi mizere iwiri yokha: akuluakulu a zaka 25 kupita m'tsogolo amene anamaliza sekondale, ndi amene ali ndi digiri. Ku Vermont oyambawo ndi oposa 9 mwa 10, achiwiriwo oposa 4 mwa 10, kuposa dziko lonse. Manambalawa amanena za anthu okhala kumeneko lero, osati za sukulu za kumeneko. Dokotala wophunzira ku Boston amene wasamukira ku Woodstock ya ku Vermont amakweza nambala, pomwe mwana wa ku Orleans, m'chigawo chomwechi, amene anapita ku koleji n'kukakhazikika kwina sawerengedwanso.

Ophunzira a m'makoleji amasokonezanso manambala ena. Amawerengedwa komwe amagona nthawi yambiri, osati kwa makolo awo. Okhala m'nyumba zogona za pakoleji sawerengedwa pa umphawi, koma ochita lendi kunja amawerengedwa, ndipo popeza ndalama zawo ndi zochepa, umphawi wa Burlington, komwe kuli University of Vermont, umaoneka waukulu. Pa S1701 yang'anani umphawi wa ana osakwana zaka 18 ndi wa anthu odutsa zaka 35 kuti muone mkhalidwe wa eni mzinda. Makoleji akatsekedwa, monga Green Mountain College ya ku Poultney mu 2019, tauni imataya achinyamata mazanamazana nthawi imodzi, koma pa zotsatira za zaka zisanu zimaoneka ngati kutsika kwa pang'onopang'ono.

Nkhani zenizeni za sukulu za ku Vermont sizili pa masambawa. Ana a m'sukulu za boma anali oposa 100,000 chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndipo atsika kufika cha m'ma 80,000, pomwe nyumba za sukulu, mabasi ndi aphunzitsi sizingachepetsedwe mofanana chifukwa cha mitunda. N'chifukwa chake mphunzitsi mmodzi ku Vermont amakhala ndi ana ochepa kwambiri poyerekeza ndi zigawo zina, ndipo mtengo wophunzitsira mwana mmodzi ndi wokwera. Khoti lalikulu la chigawochi litagamula mlandu wa Brigham mu 1997, lamulo la Act 60 linakhazikitsa msonkho wa malo wa chigawo chonse kuti mwana wa m'tauni yosauka asamanidwe. Lamulo la Act 46 la 2015 linakakamiza maofesi ambiri oyendetsa sukulu kuphatikizana. Mu Malichi 2024 ovota anakana pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a mabajeti a sukulu chifukwa cha kukwera kwa msonkho. Zonsezi muzipeza ku Vermont Agency of Education ndi ku National Center for Education Statistics.

Pali msampha umodzi womaliza pa tebulo la ana opita ku sukulu za boma ndi zomwe si za boma. Kuyambira 1869, tauni ya ku Vermont yopanda sukulu ya makalasi ena imalipirira ana ake ku sukulu ina, ndipo ina mwa sukuluzo si za boma, monga St. Johnsbury Academy, Lyndon Institute ndi Burr and Burton Academy ya ku Manchester. M'madera amenewa tebulo lingaonetse ana ambiri a sekondale ali ku sukulu zomwe si za boma. Sikuti makolowo ndi olemera. Ndiyo sekondale ya m'deralo, ndipo fizi imachokera ku msonkho. Kuphatikizana kwa maofesi a sukulu kwachititsanso kuti malire a School District pa data.census.gov asinthe m'zaka zapitazi, choncho musanayerekeze zaka ziwiri, tsegulani mapu a chaka chilichonse muone ngati ndi dera lomwelo.

Kwa wofuna chithunzi cha chigawo chonse kapena kuyerekeza Vermont ndi Maine ndi New Hampshire, QuickFacts ndi yokwanira ndipo tikuivomereza ndi mtima wonse. Kwa wofuna county kapena tauni, QuickFacts ikhale poyambira chabe, nambala yolemba mu lipoti ichokere pa data.census.gov, ya zaka zisanu, pansi pa County Subdivision, danga la Margin of Error lili loyatsa. Chimene tingapemphe bungweli ndi zinthu ziwiri zosavuta: QuickFacts izinena poyera ngati tauni yasiyidwa chifukwa chosafika anthu 5,000, n'kulozera komwe ingapezeke, ndipo matebulo aziika chizindikiro pa nambala iliyonse imene kuphonya kwake kwadutsa theka la nambalayo.